Mai Julia Chikamoneka, Amene Anamenyera Mipando Imene Sanakhalepo

Mu Januwale 1964 anthu a dziko lino, amuna ndi akazi, olemera ndi osauka, anaponya voti kusankha Boma limene linadzalandira ufulu pa 24 Okutobala caka comweco. M'Nyumba ya Malamulo munali mipando 75 ya aphungu osankhidwa, ndipo pa mipando yonseyo itatu cabe ndiyo inagwera azimai. Anali Mai Nakatindi Yeta Nganga a ku Nalikwanda, Mai Margret Mbeba a ku Kazimuli kuno kwathu kum'mawa, ndi Mai Ester Banda. Pa nduna zikuluzikulu zimene Dr Kenneth Kaunda anasankha panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Pa maina onsewo panalibenso dzina la mai amene Lusaka yense anali kumdziwa, amene Cipani ceniceni cinamucha Mama UNIP. Mai ameneyo ndiye Julia Mulenga Nsofwa, wodziwika m'dziko lonse ndi dzina lakuti Chikamoneka.

Mai Julia anabadwira ku Kasama, m'dziko la Abemba, ca m'ma 1910. Atate ao anali msilikali amene anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku mbali ya Angelezi. Monga atsikana ambiri a masiku amenewo, iwo sanapite patali ndi sukulu, pakuti masukulu a mishoni anali ocepa, ndipo makolo ambiri akapeza malo amodzi anali kutumizako mwana wamwamuna. Mu 1938 anafika mu Lusaka pamodzi ndi amuna ao amene anadzafuna nchito. Apo n'kuti papita zaka zitatu zokha cisamukire likulu la Boma kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka.

Inu amene muli kumudzi ndipo mumangomva za Lusaka kwa ana anu, dziwani kuti mzinda umene Mai Julia anaupeza sunamangidwe ndi maganizo akuti mkazi wakuda adzakhalamo. Azungu anali kukhala kumtunda, kumene kunali misewu yabwino ndi mitengo yobzala. Anthu akuda anaikidwa m'makomboni monga Kabwata, Kamwala ndi Chibolya, m'tinyumba topanikiza tomangira mwamuna wanchito amene atsamunda anayembekeza kuti akakalamba adzabwerera kwao. Dzina lakuti Chibolya, komboni ija iri kumadzulo kwa njanji pafupi ndi Kanyama, ndi la Cibemba, ndipo m'cinenero cathu tinganene kuti bwinja. Matero ndi Chilenje watsopano, kumene kunamangidwa nyumba za anthu okwatira, zinadza pambuyo. Mkazi wopezeka m'tauni wopanda kalata ya ukwati anali kuopa apolisi, pakuti anali kutha kumgwira ndi kumbweza kumudzi. Nchito za malipiro, ngakhale zophika ndi kucapa m'nyumba za Azungu, zinali m'manja mwa amuna. Cotero mkazi wofuna kuthandiza banja lace anali ndi njira ziwiri zikulu: kugulitsa pa msika, kapena kufulula mowa mobisala, popeza Boma la mzinda linafuna kuti anthu azimwera m'nyumba zace za mowa kuti phindu likhale lace.

Mai Julia anasankha msika, nayamba kugulitsa zakudya. Munthu angaganize kuti imeneyi ndi mbali yaing'ono ya mbiri yao, koma ai, mpamene pagona nkhani. Pa msika mpamene mau anali kuyenda msanga koposa nyuzipepala. Mkazi wogulitsa tomato ndi kapenta anali kudziwa amene wacotsedwa nchito, amene wagona m'citokosi, amene mwana wace wamwalira, ndiponso nyumba imene ingabise mlendo usiku. Amuna a ndale, ambiri a iwo aphunzitsi ndi makalaliki, anali ndi Cingelezi ndi mapepala. Koma khamu la anthu analibe. Khamu linali kwa azimai a pa msika.

Bungwe la Congress linayamba mu 1948, ndipo mu 1951 Bambo Harry Mwaanga Nkumbula anakhala mtsogoleri wace. Nkhondo yaikulu ya masiku amenewo inali yokana Citaganya, ndico cimango cimene Azungu anafuna comangira pamodzi Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda anacikana, koma cinakhazikitsidwabe mu 1953. Mai Julia anali m'gulu la azimai oyambirira a mu Lusaka amene analowa ndale poyera, pa nthawi imene mkazi woima pa msonkhano anali kunenedwa kuti alibe mwambo, ndipo mwamuna wace anali kusekedwa kuti walephera kulamulira nyumba.

Cimene cinautsa mtima wa azimai koposa sicinali mapepala a ku London ai, koma cipongwe ca tsiku ndi tsiku. M'masitolo ambiri a Azungu ndi m'mabuchala munthu wakuda sanali kuloledwa kulowera pa khomo. Anali kuima panja, pa kazenera ka pambali, kudikira kufikira Azungu onse atathandizidwa, ndipo nyama anali kumpatsa yokulunga kale, osaiona, kawirikawiri mafupa ndi zotsala. Wogula ndiwo pa banja ndani? Ndi mkazi. Cotero pamene Congress inalamula kunyanyala mabuchala ndi masitolo a tsankho, makamaka mu 1954 ndi 1956, anali azimai amene anaima pa makomo kubweza anzao, ndipo anali azimai amene anapirira madandaulo a amuna ndi ana podya nsima ya ndiwo zamasamba masiku ambiri. Mai Julia anali patsogolo pa nchito imeneyi, ndipo analawa ndende cifukwa ca ndale. Zimakambidwa kuti dzina lakuti Chikamoneka, limene m'Cibemba litanthauza kuti cidzaoneka, analitenga m'masiku omwewo, polichula kwa apolisi m'malo mwa dzina lao lenileni. Dzinalo linawakanirira kufikira kumanda.

Mu Okutobala 1958 Bambo Kaunda, Bambo Simon Kapwepwe ndi anzao anapatukana ndi Bambo Nkumbula nayambitsa Zambia African National Congress. Comwe anakanganirana cinali masankho a 1959, amene malamulo ace analola kuvota okhawo a ndalama, a cuma ndi a maphunziro. Lamulo lotere linatsekera kunja anthu akuda ambirimbiri, koma akazi linawatsekera kawiri, pakuti malipiro analibe ndipo sukulu anamanidwa. Cipani catsopanoco cinaletsedwa mu Marichi 1959, atsogoleri ace natumizidwa ku madera akutali, ndipo pa phulusa lace panabadwa UNIP kumapeto kwa caka comweco. Mai Julia anatsata njira imeneyi, nakhala mmodzi wa oyambitsa ndi otsogolera gulu la azimai a Cipani lochedwa Women's Brigade.

Nchito ya azimai amenewa njoyenera kuifotokoza bwino, cifukwa mabuku ambiri amaidumpha ndi mau awiri. Anali kugulitsa makhadi a Cipani khomo ndi khomo. Anali kusonkha makobiri a pa msika kuti atsogoleri apeze ya ulendo ndi yolipira maloya. Anali kuphikira nthumwi za misonkhano, kubisa anyamata ofunidwa ndi apolisi, kunyamula makalata m'mitanga ya ndiwo, ndi kusamala mabanja a amuna amene anali m'ndende. Za Mai Julia zimakumbukika kuti usiku anali kuyenda m'komboni akugwedeza citini ca miyala, kudzutsa azimai ndi kuwadziwitsa za msonkhano wa m'mawa mwace. Nyumba yao inali malo okumanirapo anthu a ndale. Taganizani mkazi wa zaka makumi asanu akuyenda mumdima wa komboni yopanda magetsi, podziwa kuti akapolo a Boma ali ndi makutu ponseponse. Umenewo sunali ulemu wa pa nsanja, unali ukapolo wodzipereka.

Tsiku limene linachukitsa dzina lao linadza mu Marichi 1960. Bambo Iain Macleod, nduna ya Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angelezi, anafika mu Lusaka kudzamva maganizo a anthu. Pa bwalo la ndege lakale anapeza khamu lonyamula zikwangwani zokana Citaganya ndi zofuna ufulu. Pamenepo Mai Julia ndi anzao, mwa iwo Mai Emelia Saidi ndi Mai Mandalena Mumba, anavula zobvala za kumtunda naima cifuwa ciri poyera pamaso pa mlendoyo ndi pamaso pa apolisi. Mai Julia anali kusimba pambuyo pace kuti Mzunguyo anagwetsa misozi.

Azungu ena anaona ngati misala kapena kusowa khalidwe. Koma inu awerengi mudziwa tanthauzo lace popanda wokuuzani. Kwathu kuno mai wamkulu sabvula pa anthu. Akafika pa kuonetsa bere limene anayamwitsa nalo ana, ndiye kuti mau onse atha, ndipo cotsala ndi temberero. Mwana amene amace amcitira zotere sagona tulo kufikira atapepesa. Azimai aja analibe mfuti, analibe voti, analibe Cingelezi cokambira ndi nduna ya Mfumukazi. Anatenga cida cimodzi cokha cimene mwambo unawasiyira, nacigwiritsa nchito pa Boma lonse la atsamunda. Zithunzi za tsikulo zinaoneka kutali, ndipo zinanena zimene makalata a madandaulo analephera kunena: kuti kukana Citaganya sikunali kwa anyamata ophunzira owerengeka, monga Azungu a kuno anali kuuzira London, koma kunafika mpaka ku mafuwa.

Zotsatira zace muzidziwa. Mu 1961 kunabuka cipolowe ca Cha Cha Cha, makamaka kumpoto ndi ku Luapula. Masankho a 1962 anabala Boma la mgwirizano wa UNIP ndi Congress. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufulu unadza.

Tsono apa mpamene mbiri ya Mai Chikamoneka isanduka funso. Nyama itagwa, anagawa bwanji? Amene anapita ku Nyumba ya Malamulo anali ofunika kudziwa Cingelezi, pakuti ndico cinenero ca m'nyumbamo, ndipo ici cokha cinacotsa pa mzere pafupifupi azimai onse a m'makomboni amene anamenya nkhondoyo. Koma tisanamizire Cingelezi cokha. Cipani cinali citamangidwa kale ngati mudzi wa nyumba yaikulu ndi kakhichini kumbuyo. Nyumba yaikulu, kumene kunali kupangidwa mfundo ndi kusankhidwa oimira Cipani pa masankho, inali ya amuna. Brigade inali kakhichini. Inali ndi atsogoleri ace, misonkhano yace ndi nyimbo zace, koma nchito yace inali kuthandiza, osati kulamula. Mkazi wolimba mtima anali kukwera kufikira pamwamba pa gulu la akazi anzace, ndipo pamenepo makwerero anali kutha.

Ufulu utabwera, nchito ya Brigade inasintha nkhope. Azimai amene anaima pamaso pa apolisi anasanduka oimba ndi obvina pa bwalo la ndege polandira atsogoleri, atabvala citenje ca Cipani. Anapatsidwa nchito yoyang'anira makhalidwe, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuciyambi kwa m'ma 1970 mphamvu zambiri zinathera pa kudzudzula atsikana obvala madiresi aafupi. Ena anaikidwa pa zipata za misika kufunsa makhadi a Cipani kwa akazi anzao. Cotulukapo cace cinali cakuti atsikana ophunzira, amene akanatha kulowa m'Nyumba ya Malamulo, anaona Brigade ngati gulu la apongozi okalipa, nalithawa. Ndipo azimai a Brigade anaona ophunzirawo ngati onyada amene sanalawe utsi wa apolisi. Mbali ziwirizi zikanagwirizana, mwina mbiri ikanakhala ina. Pogawanika pao, amene anapindula ndi amuna.

Sitinena kuti panalibe kuyenda konse. Mai Nakatindi anakhala mkazi woyamba kupatsidwa udindo wa nduna yaing'ono. Mu 1973, caka coyamba ca masankho a Cipani cimodzi, Dr Mutumba Mainga Bull anakhala mkazi woyamba kukhala nduna yathunthu, nayang'anira za umoyo. Apo n'kuti papita zaka zisanu ndi zinai cilandirire ufulu. Mai Chibesa Kankasa, amene anatsogolera azimai a Cipani zaka zambiri, analowa m'Komiti Yaikulu ya UNIP, ndipo mu 1975 Brigade inasinthidwa dzina nikhala Women's League. Koma awa anali owerengeka pa zala, ndipo kawirikawiri mpando wa mkazi unali wa nkhani za akazi.

Cinthu cimodzi cidabwitsa. Abemba, kwao kwa Mai Julia, ndi Acewa ndi Ansenga a kuno kum'mawa, onse amawerenga mtundu kutsata kwa mai. Ufumu umadzera m'mimba ya mkazi, ndipo posankha mfumu mau a mbumba sanyozedwa. Mipando ya ufumu monga wa Nyanje kwa Ansenga ndi wa Nkomeshya kwa Asoli yakhalidwa ndi akazi, anthu nawaombera m'manja osaona cacilendo. Tsono amene amanena kuti mwambo wathu ndiwo uletsa mkazi kutsogolera ayenera kufotokoza cifukwa cace mudzi ulola cimene Cipani cikaniza. Kunena zoona, ndale za zipani zinatengera maonekedwe a Boma la atsamunda, limene kuyambira kwa Bwanamkubwa kufikira kwa mesenjala linali la amuna okhaokha, ndipo amuna athu atalowa m'maofesi amenewo sanaone cifukwa cosinthira mipando.

Mai Chikamoneka sanakhale phungu, sanakhale nduna. Anakhalabe mai wa m'komboni, wokhulupirika ku Cipani cace, woitanidwa pa masiku a cikondwerero ndi kuchulidwa ndi ulemu m'zokamba za akuluakulu. Cipilala ca Ufulu cimene cinaimikidwa mu Lusaka mu 1974, cija cimene mwaciona pa ndalama zathu, cionetsa mwamuna akudula unyolo. Anansi athu a ku Malawi anacitako bwino pa ici: mu 2012 anaika nkhope ya Mai Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa azimai a Congress ya kumeneko namangidwa mu 1959, pa ndalama yao ya K200. Mai Julia anamwalira pa 20 Marichi 1986, ndipo Boma linawaika m'manda ndi ulemu wa dziko.

Zaka zisanu pambuyo pa imfa yao, mu 1991, dziko linabwerera ku zipani zambiri. Zipani zatsopano zinadzudzula UNIP pa zinthu zambiri, koma kamangidwe kaja ka nyumba yaikulu ndi kakhichini zinakatenga monga kanaliri: ciri conse cinakhala ndi gulu lace la azimai, ndi wapampando wace wa azimai, ndi citenje cace. Akazi ena anathyola mpanda. Mai Edith Nawakwi anakhala nduna ya za cuma mu 1998, nadzatsogolera cipani ca FDD. Mu 2001 Mai Gwendoline Konie ndi Dr Inonge Mbikusita-Lewanika anaima pa mpando wa Pulezidenti. Mai Inonge Wina anakhala wotsatira kwa Pulezidenti mu 2015, Mai Mutale Nalumango nalandira udindo womwewo mu 2021, caka cimenenso Mai Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba kukhala Sipikala. Anthu a ku Kanyama nao mu 2016 anatuma mkazi, Mai Elizabeth Phiri, ku Nyumba ya Malamulo.

Maina amenewa ngokondweretsa, koma asatiphimbe m'maso. Maiko a bungwe la SADC anapangana mu 2008 kuti pofika 2015 theka la mipando yolamulira likhale la akazi. Pambuyo pa masankho a 2021, akazi m'Nyumba ya Malamulo ya Zambia sanafike ngakhale mmodzi pa aphungu asanu ndi mmodzi, cikhalireco akazi ndiwo oculuka m'kaundula wa ovota. Cipata copapatiza ciri m'kati mwa zipani momwemo, pa nthawi yosankha woimira Cipani. Pamenepo pafunika ndalama za kampeni, pafunika mabwenzi m'makomiti odzala amuna, ndipo mkazi wolimba mtima kuima amalandira matukwano okhudza thupi lace ndi ukwati wace, zimene mwamuna mnzace safunsidwa.

Pamwamba pa izi, Malamulo a dziko okonzedwanso mu 2016 analamula kuti wofuna kuima, kungakhale pa ukhansala wa m'dera lace, akhale ndi satifiketi ya Giredi 12. Amene analemba lamuloli anali ndi zifukwa zao, ndipo maphunziro palibe angawanyoze. Koma kumidzi ndi m'makomboni amene amasiya sukulu msanga cifukwa ca mimba, ukwati ndi kusowa kwa ndalama ndi atsikana, ndipo pa masankho a caka cimeneco azimai ambiri odziwika m'madera ao, amene anatumikira zipani zao zaka zambiri, anabwezedwa cifukwa ca pepala limeneli. Mai wogulitsa pa msika wa Soweto, pafupi ndi Chibolya, amene adziwa nyumba iri yonse ya m'dera lace monga Mai Julia anadziwira Lusaka wa masiku ao, aloledwa kusonkhanitsa anthu, kuimba ndi kuponya voti. Koma ngati sanamalize Giredi 12, dzina lace silingalembedwe pa pepala lovotera.